Mwana Wodula Akulu Mawu: Mwina Si Mwano

Alipo ana amene pakamwa pawo pamathamanga kuposa maganizo. Funso lisanathe, ayankha kale. Akulu ali pa nkhani, iwo alowerera. Mlendo akusamba m'manja kuti adye, mwana amamufunsa mokuwa kuti, "Kodi muchoka liti?" Timangoti ndi amwano, opanda mwambo, ndipo chikwapu sichichedwa. Koma ena mwa anawa ali ndi vuto limene madokotala amalitcha ADHD: kukanika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika, ndi kuchita zinthu mwaphuma.

Padziko lonse vutoli limapezeka mwa ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Limayamba kuoneka mwana asanafike zaka 12, kawirikawiri limayenda m'magazi, ndipo ambiri amakula nalo. Si ufiti, si kudya shuga wambiri, si kulera molekerera. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imagwira ntchito ngati mabuleki, imakhwima mochedwa. Ulemu mwanayo amaudziwa ndithu. Mukamufunsa mtima uli m'malo adzakuuzani zonse zoyenera. Chomukanika n'kudziletsa pa kanthawi kamene mawu akutuluka. N'chifukwa chake kumenya sikuthandiza: kumangomuonjezera mantha ndi ukali, mawa n'kubwereza zomwezo. Zimamvetsa chisoni kuona mwana amene tsiku lililonse amangomva kuti ndi woipa, mpaka iye mwini n'kukhulupirira.

Pofuna kumuthandiza mwana wotere, yambani zinthu zisanachitike. Alendo asanafike, muitaneni pambali, mumuyang'ane m'maso, mumuuze chinthu chimodzi chokha: "Agogo akamalankhula, udikire amalize." Gwirizanani kachizindikiro kodziwa awirinu, monga kumugwira phewa, kotanthauza kuti atsitse mawu kapena adikire. Akafuna kunena kanthu, agwire dzanja lanu m'malo molowerera, ndipo inu musachedwe kumupatsa mpata, chifukwa mukachedwa sadzakhulupiriranso njirayo. Akakweza mawu, inu tsitsani anu. Kukuwa kumaitana kukuwa. Akadikira ngakhale pang'ono, muyamikireni pompo: "Ndaona wadikira azakhali amalize, wachita bwino." Apa ndi pamene ambirife timalephera, chifukwa maso athu anazolowera kuona zolakwa zokha.

Vutoli silichotsa udindo. Akanena mawu opweteka, dikirani mtima wake utsike, mumuuze muli awiri zimene zalakwika, kenako akapepese. Kumuchititsa manyazi pagulu ayi. Tulo tokwanira ndi kuthamanga panja zimathandizanso, pakuti mwana wotopa kapena wanjala sachedwa kupsa mtima.

Nawonso akuluakulu amene anakula ndi vutoli angathe kulemba mfundo yawo papepala kapena pafoni podikira mpata pamsonkhano, ndi kuchoka kaye pamalo mkangano ukayamba kutentha.

Si mwana aliyense wolongolola amene ali ndi ADHD. Pitani naye kuchipatala ngati khalidweli latha miyezi 6, likuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo likumusokoneza maphunziro kapena kumudanitsa ndi anzake. Pemphani amuyezenso makutu, chifukwa mwana wosamva bwino amalankhula mokweza. Ngati anadwalapo malungo a mu ubongo kapena amakomoka, nenani. Ana ena amasintha khalidwe akachira malungo otere. Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kwa anamwino oona za matenda a maganizo pachipatala cha boma. Iwo angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mankhwala alipo, monga methylphenidate, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha atamuyeza mwanayo. Musagule mwa inu nokha.

Popita, tengani buku lake la kuchipatala, ndipo pemphani aphunzitsi ake alembe zimene amaona m'kalasi.