Masamu a Mphika wa Khirisimasi

Mwana wanga, wafunsa kuti ungadyetse bwanji anzako ambiri pa Khirisimasi pamene m'thumba muli mopepuka. Tenga pensulo ukhale pansi. Funso lakoli ndi la masamu, ndipo masamu ake si ovuta.

Tiyambe ndi nyengo. Tsiku la 25 Disembala limatipeza m'dzinja: chimanga chikadali chaching'ono m'munda, m'nkhokwe mwatsika, ndipo Januwale ali pakhomo. Choncho usanaganize za phwando, patula kaye ndalama ya Januwale: fizi, lendi, chigayo, feteleza wobereketsa. Yotsalayo ndiyo bajeti yako. Bajeti ndi malire a ndalama amene munthu amadziikira asanapite kumsika. Mvetsa bwino, ndati asanapite. Pamsika fungo la kanyenya limaiwalitsa masamu.

Tsopano werenga mitu. Ngati waitana anthu 30, lemba 35, pakuti kwathu kuno mlendo sabwera yekha, ndipo ana a pafupi amamva msuzi usanapse.

Ukadziwa mitu, pima chokhutitsa, ndiko kuti chakudya chodzaza mimba. Kilogalamu imodzi ya mpunga imakwanira akuluakulu ngati 8, kotero makilogalamu 4 ndi theka akukwanira. Kilombero wa ku Karonga ndi wonunkhira koma ndi wokwera mtengo. Mpunga wamba, wosankhidwa miyala ndi kuphikidwa bwino, suchititsa manyazi. Pambali pake uphikenso nsima. Pali akulu ena amene ngakhale adye mpunga mbale yodzaza amati sanadye, ndipo iwo akadya nsima mpunga wako umatalika.

Tafika pa ndiwo, pamene ndalama zambiri zimathera. Nkhuku imodzi yodulidwa mosamala imatulutsa nthuli 10. Nkhuku 4 zikupatsa nthuli 40, munthu aliyense yake, zina n'kutsala. Werenga nthuli, osati nkhuku. Ndibwerezanso: werenga nthuli. Ine ndimakonda nkhuku ya lokolo, chifukwa ngakhale imachedwa kufewa, msuzi wake umafika patali. Uigule mu Novembala mitengo isanakwere, uisunge pakhomo, koma uonetsetse kuti yalandira katemera wa chitopa, nthenda imene imasesa khola lonse m'masiku ochepa. Ngati mtima uli pa mbuzi, gwirizana ndi mabanja ena awiri kapena atatu, musonkherane, muphe imodzi n'kugawana.

Nyama isaime yokha pa mbale. Mbatata ya kachewere, ija imachuluka ku Dedza ndi ku Ntcheu, ukaiduladula mumsuzi imatenga kukoma kwa nkhuku. Wonjezera nyemba ndi kabichi, kapena bonongwe amene wamera ndi mvula yoyamba. Mbale ikaoneka yodzaza, nthuli imodzi sioneka kuchepa.

Zakumwa za m'mabotolo zingameze theka la bajeti, ndiye phunzira thobwa. Thobwa limafuna chimera. Chimera ndi mawere, mapira kapena chimanga chimene chaviikidwa m'madzi, chamera, chaumitsidwa n'kusinjidwa. Umaphika phala la mgaiwa, umadikira lizizireko mpaka chala chipirire, kenaka umathira chimera n'kutakasa. Phala limasungunuka ndi kutsekemera, chifukwa chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga. Ligone usiku umodzi, m'mawa uliwiritsenso. Usafulumire nalo masiku ambiri, lingasase n'kulowera ku mowa abusa ali pa mndandanda wa alendo. Ana uwasungunulire botolo la Sobo. Zipatso usagule zachilendo: ino ndi nyengo ya mango.

Mnzako akafunsa kuti, "Ndibweretse chiyani?" usayankhe kuti zonse zilipo. Mutchulire chinthu chimodzi: uyu mafuta ophikira, uyu tomato ndi anyezi, uyu makala. Mipando, mbale ndi mapoto aakulu ubwereke. Nkhuni uzisonkhanitse msanga pa malo osadontha. Ndinaonapo phwando limene mpunga unapsa dzuwa litapendeka chifukwa cha nkhuni zonyowa.

Chomaliza ndicho chovuta koposa: kugawa. Masamu onse aja amafera pano ngati aliyense adzitengera yekha, pakuti oyamba amatola ntchafu, omaliza n'kupeza msuzi wokha. Sankha munthu mmodzi wa dzanja lokhazikika, wosaopa nkhope, agwire chipande kuyambira mbale yoyamba mpaka yomaliza. Ayambe ndi ana, adye pa mphasa yawo. Nthutumba aisungire mlendo wamkulu, monga mwa mwambo. Apatulenso mbale za ophika, amene akhala mu utsi chiyambire mbandakucha, ndi zina ziwiri zovundikira za ochedwa ndi mvula.

Tsopano lemba mayina a alendo ako, uwonjezere 5, ndipo mawa ubwere ndi mitengo ya kumsika kwanu tiwerengere limodzi.