Nyundo za Mmisiri Wosula

Namadzi ndi malo a malonda amene ali m'boma la Chiradzulu, pa mseu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba. Anthu a dera limeneli anadziŵa ntchito yosula zitsulo kalekale. M'chaka cha 1859 David Livingstone anayenda m'dziko la Amang'anja, ndipo mu 1861 anafika ku Magomero, pafupi ndi mtsinje wa Namadzi. Iye anaona kuti Amang'anja anali akatswiri pa ntchitoyi. Anali kusungunula miyala ya chitsulo m'ng'anjo, ndi kusula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mikondo.

Masiku ano ng'anjo zija zinazima, koma chipala sichinazime. Amisiri amasula zitsulo za galimoto zakutha, ndipo ambiri amasulira pa chidutswa cha njanji.

Mnyamata wina wa Sitandade 5 anapita kukakhala kwa agogo ake ku Namadzi pa nthaŵi ya tchuthi. Agogowo anali mmisiri wosula ndiponso wokhoma ndowa. Tsiku loyamba anampatsa ntchito yovukuta moto. Ali pa mvukuto, mnyamatayo anaona nyundo zisanu zitandandalikidwa pansi.

"Agogo, bwanji muli ndi nyundo zambiri chotere? Kodi imodzi siikwanira?" iye anafunsa.

"Kodi amayi ako amavundula nsima ndi chipande?" anatero agogo.

"Iyayi, amavundula ndi mthiko. Chipande n'choomolera."

"Wanena bwino, mdzukulu wanga. Nyundonso n'chimodzimodzi. Iliyonse ili ndi ntchito yake." Atatero anayamba kumuonetsa imodziimodzi.

Yoyamba inali nyundo yaikulu ya mpini wautali. Nyundo yotere imalemera makilogalamu atatu kapena kupitirira, ndipo munthu amaigwira ndi manja aŵiri. Ntchito yake ndi kuphwathalitsa chitsulo chochindikala. Chitsulocho chimayamba chakhala pa makala mpaka chitafiira, kutentha kwake kutafika pafupi madigiri 1,000. Pamenepo chimakhala chofeŵa. Mmisiri amachigwira ndi mbaniro, wothandiza wake namenya.

Yachiŵiri inali nyundo yosulira ya dzanja limodzi. Mbali ina ya mutu wake ndi yosalala, ina ndi yopyapyala ngati nkhwangwa yobuntha. Mbali yopyapyalayo imatambasula chitsulo, monga posula khasu. Mbali yosalala imafafaniza zipsera zimene inzake yasiya.

Yachitatu inali ya mutu wobulungira mbali imodzi. Imeneyi amakhomera timisomali tatifupi tolumikizira zitsulo ziŵiri, monga pa mbaula kapena pa chogwirira cha ndowa. Mbali yobulungirayo imaphwathalitsa nsonga ya kamsomaliko kuti kasatulukenso. Ndi mbali yake yosalala mmisiri amamenya tchizulo podula kapena poboola chitsulo.

Yachinayi inali nyundo ya mtengo wolimba, yopindira ndi kuwongolera malata. Popeza mtengo ndi wofeŵa kuposa chitsulo, nyundoyi siiboola malata, ndipo siisiya zipsera.

Yachisanu inali hamala ya kalipentala, ya mano aŵiri ozulira misomali. "Iyi ndi ya matabwa," anatero agogo. "Pa chipala ilibe malo."

Patapita masiku atatu, agogo anapita kumsika kukagula makala. Ali komweko, kunabwera mayi wina ndi ndowa yopindika m'mbali. Inali ndowa yokhayo imene anali kutungira madzi. Anaisiya nati adzaitenga madzulo.

Mnyamata uja anafuna kuonetsa agogo ake kuti ntchito waidziŵa. Anaika ndowayo pa njanji, natenga nyundo yosulira poganiza kuti yolemera ifulumiza ntchito. Anamenya kamodzi, kaŵiri, katatu. Atamenya kachinayi, lata linang'ambika. Ndowa imene inabwera yongopindika tsopano inali yobooka.

Agogo atabwerako anaiyang'ana ndowayo nthaŵi yaitali osanena kanthu. Kenaka anafunsa, "Unamenya ndi nyundo iti?"

Mnyamatayo analoza nyundo yosulira, maso ali pansi. "Pepani agogo, ndinayesa kuti ndikuthandizani."

"Mtima wako unali wabwino, koma safunsa anadya phula," anatero agogo. "Lata ndi lopyapyala. Likapanikizika pakati pa njanji ndi nyundo ya chitsulo, limapyapyala koposa mpaka kung'ambika. Ukanaika ndowayi pa chipika ndi kumenya pang'onopang'ono ndi nyundo ya mtengo, ikanawongoka."

Masana onse aŵiriwo anagwira ntchito yoika chigamba. Agogo anadula lata latsopano limene anali kusungira ntchito ina. Mayi uja atabwera, mnyamatayo anaulula yekha zimene anachita, ndipo agogo sanalandire ndalama iliyonse.

Madzulo ake agogo anamphunzitsa malamulo anayi. Loyamba, asanagwire nyundo aone ngati mpini uli wolimba, chifukwa mutu wogwedera ukhoza kuguluka ndi kupweteka munthu. Lachiŵiri, agwire kumapeto kwa mpini, osati pafupi ndi mutu, kuti kulemera kwa nyundo kumthandize. Lachitatu, asamenyanitse nyundo ziŵiri za chitsulo, pakuti kachidutswa kakhoza kuthetheka ndi kuloŵa m'diso. Lachinayi, tchizulo imene mutu wake wafutukuka ngati bowa asaimenye mpaka mutuwo utapalidwa.

Tchuthi chisanathe, munthu wina anabwera ndi beseni lopindika. Agogo sananene kanthu, anangoyang'ana mdzukulu wawo. Mnyamatayo anagogoda beseni ndi chala, nayang'ana nyundo zisanu zija. Kenaka anakoka chipika, natola nyundo ya mtengo. Agogo anamwetulira, nabwerera pa mvukuto wawo.

Mafunso

1. Kodi Namadzi ali m'boma liti?
2. Tchulani zinthu zinayi zimene Amang'anja anali kusula.
3. N'chifukwa chiyani agogo anafunsa za mthiko ndi chipande?
4. Kodi mbali yopyapyala ya nyundo yosulira imagwira ntchito yanji?
5. Fotokozani chimene chinang'ambitsa ndowa.
6. Kodi mwambi wakuti "safunsa anadya phula" ukutiphunzitsa chiyani?
7. Kodi mnyamatayo anachita bwino poulula kwa mayi uja? Perekani chifukwa.

Ntchito

(a) Lembani ziganizo zanuzanu ndi mawu aŵa: chipala, mvukuto, mbaniro, ng'anjo, mpini.

(b) Pitani ndi aphunzitsi anu kwa mmisiri wa kufupi ndi sukulu yanu. Mufunseni maina a zipangizo zake ndi ntchito ya chilichonse. Mukabwerako jambulani nyundo ziŵiri zimene mwaona.