Kutsitsa katundu wolemera pa pikapu osavulala

Anzanga, ambirife tikatsekera sukulu timapita kutauni kukasaka ganyu. Ine ndimapita kwa amalume ku Biwi, komwe kuli magalaja ambirimbiri, ndipo mapikapu amabwera atanyamula injini za galimoto, majenereta ndi injini za chigayo. Ndalemba zomwe ndaona kumeneko, komanso zomwe tinaphunzira mu Physics.

Galimoto iime pamalo osatsetsereka, adalaivala akoke handibuleki, inu muike miyala kumatayala. Musanamasule zingwe onetsetsani ngati katunduyo sanatsamire chitseko chakumbuyo, pajatu mabampu a misewu yafumbi ngati ya ku Chinsapo amasuntha chilichonse. Potsegula imani chambali.

Tsono nkhani yaikulu ili pa thabwa. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Tiyerekeze kuti injini ikulemera makilogalamu 200, ndiye kuti matumba anayi pamodzi. Imeneyo sinyamulidwa ndi manja ayi, imatsetsereka pamathabwa. Ngati kuchokera pansi kufika pa pikapu ndi mita imodzi ndipo thabwa ndi lamamita 4, ogwira chingwe amamva ngati agwira makilogalamu 50 okha, chifukwa 200 tagawa ndi 4. Thabwa likakhala lamamita 2 amamva 100. Mwaona? Kufupika kwa thabwa ndi kumene kumathyola anthu. Kukhuzana kwa chitsulo ndi thabwa kumachepetsako liwiro, koma musadalire zimenezo ngati injiniyo ikudontha oyilo.

Thabwa lalitali nalo lili ndi vuto lake, limapindika pakati. Pafunika mathabwa awiri okhuthala, opanda ming'alu, ndipo pakati muchirikize ndi chipika. Kumtunda amangidwe kugalimoto kuti asapulumuke. Pansi ikanipo tayala lakale loti injini ifikirepo.

Chingwe chimangidwe ku injini, chizungulizidwe pachitsulo cholimba cha kuseri kwa adalaivala, ndipo anthu awiri azichimasula pang'onopang'ono ali pamwamba. Osachikulunga padzanja, chikakoka chimapita ndi zala. Kumunsi kwa thabwa kusaime munthu. Apa mpomwe anyamata ena amandidabwitsa, amathamangira kumunsi kuti "ndiiwakha ine" pofuna kuonetsa mphamvu. Makilogalamu 200 sawakhika, achimwene. Ikapulumuka ilekeni igwe.

Wolamula akhale mmodzi. Amalume akamati "tiyeni" tonse timasuntha, akati "basi" timaima, wina aliyense amakhala chete. Pa katundu wonyamulika ndi manja, pindani maondo, msana uwongoke, katunduyo akhale pafupi ndi thupi. Ndipo masilipasi ayi, valani nsapato zotseka, olo zasukulu zomwezi.

Phazi la munthu likapanikizika musamukoke. Lowetsani chitsulo chachitali pansi pa katunduyo, mutsamiritse pamwala ndi kukweza, kenako mumutengere kuchipatala pa pikapu yomweyo.