Kuphunzitsa Kaphikidwe ka Bakha wa Msuzi wa Zipatso

Tsiku lina tinapita kukaonerera mnzathu wina wophunzira uphunzitsi akuyeserera ntchito pa sukulu ina kufupi ndi tauni ya Zomba. Mutu wa phunziro la zapakhomo unali "kukonzera alendo chakudya chamadzulo". Iye anakopera pa bolodi kaphikidwe ka bakha wa msuzi wa malalanje monga momwe kalili m'buku la ku Ulaya, kotchula uvuni, vinyo ndi batala. Ana analemba zonse bwinobwino, koma titafunsa mtsikana wina chifukwa chake malalanje akuloŵa m'ndiwo, anangoyang'ana pansi.

Kaphikidwe kameneka nkotchuka ku France. Ife sitikukakana ayi. Chimene tikupempha nchakuti mphunzitsi ayambe wadziŵa chifukwa chake, popeza mwana amene wamva chifukwa angathe kuphika ndi zimene ali nazo kwao. Chifukwacho nchachifupi: bakha ali ndi mafuta ambiri kunsi kwa khungu, ndipo chipatso choŵaŵasa chimachotsa kukola kwa mafutawo m'kamwa.

Tsono kuno ku Zomba tisoŵerenji zipatso? Aliyense amene anakwerapo mseu wopita ku Ku Chawe anaona anyamata akugulitsa masitoloberi, mabulosi, nkandankhuku ndi magalagadeya, zipatso zimene zimakonda kuzizira kwa phiri lotalika mamita oposa 2,000. Mumsika wa m'tauni mulinso mandimu ndi bwemba. Ife timakonda magalagadeya, chifukwa ngoŵaŵasa mokwanira ndipo savuta kunyamula. Masitoloberi amakongola m'mbale, koma paokha amapereka msuzi wozuna ngati jamu.

Musanagule bakha, kumbukirani kuti m'boma lino ana ena ndi Asilamu. Pemphani munthu woyenera pa chipembedzo chawo kuti azinge bakhayo, ndipo vinyo wa m'buku uja musiyeni m'buku momwemo. Mukapanda kutero, ana ena adzaphika chakudya chimene sangalaŵe. Nthenga za bakha zili ndi mafuta, motero zimafuna madzi otentha kwambiri kuposa za nkhuku, ndipo timaubweya totsala tiŵaulidwe pa moto. Ntchito imeneyi ichitike m'maŵa, phunziro lisanayambe.

Pophika, dulani bakha m'ziŵalo, thirani mchere, ndipo ana abaye khungu ndi foloko. Ikani nyama m'poto wosatentha, khungu lili pansi, popanda mafuta ophikira, pa mbaula ya makala ochepa. Apa ana adzadandaula kuti ndiwo zipserera. Asiyeni adikire. Posakhalitsa mafuta adzayamba kutuluka okha. Atsanulireni m'kapu ndipo kapuyo izungulire kalasi lonse. Kenaka kazingani timbatata ta kachewere m'mafutawo, mwana aliyense alaŵe kamodzi kopanda kanthu, kachiŵiri kodonthezera ndimu. Funsani kuti, "Mwamva kusiyana kotani?" Yankho limene ana apereke ndilo lilembedwe pa bolodi. Pamenepa ndi pamene pagona phunziro lonse, ndipo musapathamangire.

Bakha wa kumudzi amakhala woyendayenda, nyama yake njolimba. Ikafiira, onjezani anyezi mmodzi ndi makapu aŵiri a madzi, vundikirani, iŵire pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka kapena maola aŵiri, mpaka foloko iloŵe mosavuta ndipo pafupa pasaoneke magazi. Nthaŵi imeneyi njaitali kuposa phunziro, choncho gwirizanani ndi aphunzitsi aakulu pasadakhale. Gulu lina la ana litsuke mpeni ndi thabwa zimene zakhudza nyama yaiŵisi, lina liphike mpunga wa ku Likangala kapena ku Domasi, lina liŵerengere ndalama zonse zimene zagwiritsidwa ntchito ndi kugaŵa ndi chiŵerengero cha odya.

Msuzi sutenga nthaŵi. Sefani magalagadeya khumi kuti nthanga zitsale. M'kapoto kena sungunulani masupuni aŵiri a shuga mpaka afiirire, thiranimo mosamala kapu imodzi ya msuzi wa nyama ija mutayengula mafuta, uŵire kufikira ulimbe pang'ono. Madzi a magalagadeya aloŵe pomalizira, chifukwa akaŵira kwambiri fungo lake limatha. Ana alaŵe, akambirane okha ngati pakufunika mchere kapena shuga.

Alendo asachuluke: aphunzitsi aakulu, mmodzi wa komiti ya sukulu ndi kholo limodzi akwana. Bakha mmodzi sangakhutitse kalasi, koma nkulakwa kwakukulu kuti alendo adye pamene ophika akungomeza malovu, choncho patulani chigawo cha ana musanapereke. Ana asambitse alendo m'manja mwaulemu, kuyambira wamkulu. Msuzi wa zipatso uikidwe m'kambale kakekake pambali pa nyama, popeza akuluakulu ambiri sanazoloŵere ndiwo zotsekemera, ndipo aliyense adzithirire yekha monga wafunira. Mwana mmodzi asankhidwe kufotokozera alendo zimene zili m'kambalemo ndi chifukwa chake.