Phunziro la Physics: Magetsi a M'galimoto Amalipiridwa ndi Petulo



Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, tsamba ili ndi lanu poyamba, koma mukamaliza kuwerenga mukawapatsenso bambo, amayi kapena amalume amene ali ndi galimoto kwanu. Inunso a komiti ya mzikiti nkhaniyi ikukukhudzani, chifukwa mafuta a galimoto yoyenda pa ntchito za Jamaat amagulidwa ndi zopereka za anthu, ndipo ndalama imeneyo ndi amana m'manja mwanu.

Mafuta akakwera mtengo kapena akayamba kusowa, pamatulukira anthu ogulitsa kachipangizo kosomeka pa kabowo kotchajira foni m'galimoto. Amati kamakonza magetsi, ndiye galimoto imayamba kumwa pang'ono. Ophunzira angapo andifunsa ngati zimenezi n'zoona. Tisanayankhe, tione kaye kumene magetsi a m'galimoto amachokera.

Ambiri amati amachokera ku batire. Batire imasunga chabe, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuliza injini. Injini ikangolira, magetsi onse amapangidwa ndi alternator, imene imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini. M'kati mwake muli maginito amene amazungulira pakati pa mawaya okulungidwa, ndipo kuzungulirako kumapanga magetsi m'mawayamo. Iyi ndi mfundo imene Michael Faraday anaipeza mu 1831, yomwe tinaionetsa m'kalasi ndi maginito, koyilo ndi galvanometer. Koma pali chimodzi chimene ophunzira amaiwala pa mayeso: mukamatenga magetsi ambiri mu alternator, imalimba kuizunguza. Injini imakakamizika kukoka mwamphamvu, ndipo mphamvuyo imaitenga mu petulo. Ndi chifukwa chake mukayatsa nyali zonse galimoto ili chiimire, kulira kwa injini kumasintha pang'ono.

Tsono nyali zimamwa petulo wochuluka bwanji? Tengani cholembera. Babu wamba la kutsogolo limadya ma watt 55, awiri ndi 110. Injini ikamalira magetsi amakhala pa ma volt pafupifupi 14, choncho kuchokera pa P = VI, nyalizo zikukoka ma amp pafupifupi 8. Alternator imataya mphamvu ina ngati kutentha. Tiyerekeze kuti imasandutsa magetsi gawo la 55 pa 100. Ndiye kuti injini iyenera kuipatsa ma watt 200. Injini ya petulo nayo imataya mphamvu yambiri kudzera ku ekizozi ndi ku radiator. Tiyerekeze kuti imagwiritsa ntchito 25 pa 100. Ndiye kuti petulo akuperekapo ma watt 800. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh. Gawani 0.8 ndi 9: mupeza malita 0.09 pa ola, omwe sadzaza ngakhale theka la kapu ya tiyi. Kuti nyali zimalize lita imodzi, pamafunika maola oposa 10 oyenda usiku.

Ndachita dala kuwerengera pang'onopang'ono chonchi. Alipo madalaivala amene amachedwa kuyatsa nyali dzuwa likalowa, ati akusunga mafuta ndi batire. Nthawi ya Maghrib ndi imene m'mphepete mwa msewu mumadzaza oyenda pansi, a kabaza ndi ana ochokera ku madrassa. Munthu amene akuyenda mumdima kuti apulumutse theka la kapu ya petulo sanawerengere bwino. Yatsani nyali.

Air-con ndiye imadya zenizeni, chifukwa pampu yake imakokedwa ndi lamba wa injini mwachindunji, ndipo imafuna mphamvu yoposa ya nyali kangapo. Mumzinda, poyenda pang'onopang'ono, kutsegula mawindo kumapulumutsa mafuta.

Kumene mafuta ambiri amathera mosaoneka ndi kwina. Galimoto zambiri zimene tikugula masiku ano, zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan zolowera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, zilibe kabureta. Petulo amayezedwa ndi kompyuta yaing'ono yotchedwa ECU. Kuti petulo apse bwino, magalamu 14.7 a mpweya amafuna galamu imodzi ya petulo, ndipo ECU imayesetsa kusunga muyeso umenewu. Yokha siona kanthu. Imadalira masensa, omwe amaiuza zonse kudzera m'mawaya, ndipo sensa ikanama, kompyuta imakhulupirira.

Yoyamba ndi sensa ya oxygen, yomangidwa pa paipi ya ekizozi. Imayeza oxygen wotsala mu utsi, n'kutumiza uthenga wa magetsi ochepa kwambiri, pa mtundu wofala pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt. Ikakalamba kapena waya wake ukaduka, ECU siidziwanso ngati yathira petulo wokwanira, ndipo kawirikawiri imathira wopitirira. Galimoto imayendabe bwinobwino, mwini wake osazindikira kanthu, kupatula kuti thanki siikuchedwa kutha ndipo kukamwa kwa ekizozi kwada ndi mwaye. Ina ndi sensa yoyeza mpweya wolowa, imene ili pafupi ndi fyuluta ya mpweya. Pa misewu yathu ya fumbi imada msanga, makamaka ngati fyulutayo yang'ambika kapena yachotsedwa.

Yachitatu ndiyo ndikufuna makolo aimvetse bwino, chifukwa vuto lake timaliyambitsa tokha. Injini yozizira imafuna petulo wambiri, choncho m'mawa ECU imawonjezera mpaka sensa ya kutentha kwa madzi itaiuza kuti injini yafika pa kutentha kwake, pafupifupi madigiri 90. Chimene chimathandiza kuti itenthe msanga ndi thermostat, kavalavu kotseka madzi kuti asapite ku radiator nthawi isanakwane. Amakaniko ena amaichotsa, amati inapangidwira mayiko ozizira, kuno siifunika. Ena amalumikiza fani ya radiator kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa. Zotsatira zake injini imachedwa kutentha, mwina osafika n'komwe, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira petulo ngati kudakali m'mawa. Fani nayo ikudya magetsi tsiku lonse popanda chifukwa. Ngati galimoto ikutentha mopitirira, vuto lifufuzidwe: radiator yotsekeka, pampu ya madzi, kapena thermostat yofa imene ikufunika kuikapo ina.

Za mapulagi ambiri mukuzidziwa. Koyilo imakweza ma volt 12 kufika pa masauzande ambiri kuti moto udumphe pa pulagi. Pulagi yakutha kapena koyilo yofooka imaphonya, ndipo petulo wa mu silinda imeneyo amatuluka wosapsa. Mapulagi wamba amatha msanga kuposa a iridium. Tsatani zimene opanga galimoto yanu analemba. Injini ya dizilo ilibe mapulagi otere.

Zonsezi galimoto imayesa kukuuzani ndi kanyali kachikasu kooneka ngati injini kamene kali pa dashibodi. Kakayaka, ECU yasunga nambala ya vuto, ndipo makaniko wa zamagetsi amatha kuiwerenga ndi makina osomeka pansi pa chiwongolero. Ena amakamata ndi tepi yakuda, ena amachotsa babu lake pofuna kugulitsa galimoto. Kubisira wogula chilema cha katundu n'koletsedwa m'chipembedzo chathu, zimenezo ma Sheikh athu amatiphunzitsa kawirikawiri. Wogula adziteteze chonchi: tembenuzani kiyi osaliza injini, kanyaliko kayenera kuyaka, ndipo injini ikalira kazime. Ngati sikayaka n'komwe, funsani chifukwa.

Kusiyana kwake m'thumba n'kotani? Tiyerekeze galimoto imene imayenda makilomita 12 pa lita yatsika kufika pa 10. Pa ulendo wa makilomita 300, malita 25 asanduka 30. Malita asanu amenewo sanakufikitseni kulikonse. Petulo wathu amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, wogulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa, choncho kumutaya chonchi ndi israf ndithu.

Tibwerere ku kachipangizo kaja. Kukatsegula, nthawi zambiri mumapezeka kanyali ka LED ndi capacitor basi. Sikalumikizana ndi sensa iliyonse, ndipo sikangauze ECU kanthu. Ntchito yosunga magetsi pa muyeso wake ikugwiridwa kale ndi regulator ya mu alternator pamodzi ndi batire. Kanyali kakeko kamadyanso magetsi pang'ono. Ndalamayo ndi bwino kugulira fyuluta ya mpweya kapena kulipira makaniko woti awerenge nambala ya vuto.

Ntchito ya sabata ino. Pemphani chilolezo kwa mwini galimoto, ndipo munthu wamkulu akhalepo. Ndi multimeter, yezani batire injini itazima kwa maola angapo: yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.6 volt. Yezaninso injini ikulira: muyembekezere pakati pa 13.8 ndi 14.4. Manja, malaya ndi mipango zikhale kutali ndi lamba ndi fani. Musazule waya wa batire injini ikulira, ngakhale wina atakuuzani kuti ndi mmene amayesera alternator, chifukwa magetsi amatha kukwera mwadzidzidzi n'kuotcha ECU. Kenako mwini galimotoyo adzaze thanki, alembe makilomita, ndipo podzazanso alembe malita amene alowa. Gawani makilomita ndi malita, mubweretse yankho ku kalasi ya Physics Lolemba likubwerali, Insha Allah. Amene kwanu kulibe galimoto, gwirani ntchitoyi awiriawiri ndi mnzanu, kapena mugwiritse njinga yamoto.