Mphamvu za kuchipinda zikayamba kuchepa: zoyenera kuchita bambo akamakula

Bambo wazaka 55 akaona kuti chida sichikudzukanso ngati kale, kawirikawiri amasankha njira imodzi mwa ziwiri. Mwina amangoti ndi ukalamba n'kukhala chete, kapena amalowera kumsika mwakabisira kukagula gondolosi ndi timabotolo ta mankhwala opatsa mphamvu. Njira zonse ziwirizi zimamuphonyetsa chinthu chachikulu: kufooka kwa kuchipinda nthawi zambiri kumakhala chenjezo lochokera m'mitsempha ya magazi, ndipo bambo amene wamva chenjezoli msanga angapulumutse banja lake komanso mtima wake.

Poyamba, siyanitsani kusintha kobwera ndi zaka ndi matenda enieni. Munthu akamakula, thupi limachedwa kuyankha. Mnyamata amadzuka pongoganiza, koma bambo wazaka 60 amafunika kugwiridwa ndi kusisitidwa kwa kanthawi. Kulimba kumachepako, ndipo akamaliza pamatha kupita tsiku lathunthu kapena kuposerapo asanathe kubwereza. Mahomoni achimuna a testosterone amatsika pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka kuyambira zaka za m'ma 30 kapena 40. Zonsezi si matenda. Matenda ndi pamene kwa miyezi itatu kapena kuposa, chida chikulephera kulimba mokwanira kapena chikugwa ntchito isanathe. Kulephera usiku umodzi chifukwa cha kutopa, mowa kapena nkhawa ya ngongole kumachitikira mwamuna aliyense.

Vutoli ndi lofala kuposa mmene abambo amavomerezera. Kafukufuku wa Massachusetts Male Aging Study wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994, anapeza kuti mwa amuna a zaka 40 mpaka 70, 52 pa 100 alionse anali ndi vutoli pamlingo wina. Olephereratu anali 5 pa 100 pa zaka 40, n'kufika 15 pa 100 pa zaka 70. Taonani bwino nambala yomalizayo: ngakhale pa zaka 70, amuna ambiri anali asanatheretu. Zaka zimangowonjezera mpata woti matenda ena alowe, ndipo matendawo ndi amene amagwetsa munthu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga. Kuti chida chilimbe, mitsempha yake imayenera kutseguka n'kudzaza magazi. Mitsempha imeneyi ndi yopyapyala kwambiri, mamilimita 1 kapena 2 okha, pamene yodyetsa mtima ndi mamilimita 3 kapena 4. Mafuta akayamba kuunjikana m'mitsempha, zimakhala ngati matope m'mapaipi a madzi: kapaipi kakang'ono ndi kamene kamayamba kutsekeka. N'chifukwa chake abambo ambiri amayamba kufooka kuchipinda zaka ziwiri mpaka zisanu asanamve kupweteka pachifuwa kapena kugwidwa ndi sitiroko. Shuga ndiye woipitsitsa, chifukwa amawononga mitsempha ya magazi komanso mitsempha yotumiza mauthenga, moti odwala shuga amakumana ndi vutoli zaka 10 mpaka 15 msanga kuposa anzawo. BP yokwera simapweteka, ndipo munthu amatha kuyenda nayo zaka zambiri osadziwa. Kuyeza kwake ndi kwa mphindi zochepa pachipatala chaching'ono chilichonse. Ngati n'kotheka, pemphaninso kuyeza mafuta a m'magazi. Testosterone amayezedwa m'mawa, makamaka ngati chilakolako chenichenicho chatha komanso mukungomva kutopa.

Musanalowe kwa dokotala, konzekerani mayankho. Adzafuna kudziwa ngati vutoli linabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi, komanso ngati mumadzukabe m'bandakucha. Ngati m'mawa chida chimalimba bwino koma mukakhala ndi mayi chimagwa, mwina vuto lili m'maganizo: mantha olephera, mkangano wa m'nyumba, kapena kuvutika mumtima. Ngati n'kum'mawa komwe kuli zii, mwina vuto lili m'thupi. Kwa abambo achikulire, nthawi zambiri ziwirizi zimayendera limodzi. Nenaninso ngati mkodzo ukuvuta kutuluka kapena mukudzuka kangapo usiku kukataya madzi, chifukwa kutupa kwa prostate kumakonda kuyendera pamodzi ndi vutoli.

Tengani mankhwala onse amene mukumwa, ndi mapepala ake omwe. Ena mwa mankhwala a BP, monga hydrochlorothiazide, atenolol ndi propranolol, amafooketsa abambo ena. Chimodzimodzinso amitriptyline ndi fluoxetine. Koma chonde musasiye nokha mankhwala a BP. Ndimaumirira mfundo imeneyi chifukwa bambo amene wasiya mapiritsi mwakachetechete kuti asangalatse mkazi wake akuika moyo wake pachiswe, pamene dokotala akanangomusinthira mtundu wina.

Chachitatu ndi ntchito ya inu eni. Fodya asiyidwe, chifukwa amafinya mitsempha ndi kuiwononga. Mowa uchepe, kachasu ndi zakumwa zina zaukali zimadzutsa chilakolako koma zimapha mphamvu. Yendani mwandawala, palasani njinga kapena gwirani khasu mpaka thukuta lituluke, mphindi zosachepera 150 pamlungu monga limalangizira bungwe la World Health Organization. Mimba ikatsogola, ichepetseni, pakuti mafuta a pamimba amatsitsa testosterone. Palinso masewera olimbitsa minofu ya pansi pa chinena: finyani ngati mukuletsa mkodzo kapena mpweya, gwirani masekondi asanu, masulani, ndipo bwerezani kakhumi, katatu patsiku. Zotsatira zake zimayamba kuoneka pakatha miyezi itatu, choncho musafulumire kugwa ulesi.

Tsopano za mapiritsi. Sildenafil, amene kampani ya Pfizer inayamba kugulitsa mu 1998 ndi dzina la Viagra, amathandiza amuna ambiri. Amamwedwa ola limodzi musanakumane ndi mayi, kamodzi kokha patsiku, ndipo amachedwa kugwira ngati mwadya zamafuta ambiri. Sadzutsa munthu payekha. Chilakolako ndi kusisitana ziyenera kukhalapo. Abambo ambiri amayesa kamodzi n'kunena kuti sagwira ntchito, pamene madokotala amalangiza kuyesa kangapo musanagamule. Tadalafil ndi mnzake, koma mphamvu yake imakhala m'thupi mpaka maola 36. Choopsa cha mapiritsi onse awiriwa ndi ichi: munthu amene amamwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate, monga glyceryl trinitrate woika kunsi kwa lilime kapena isosorbide, asakhudze mapiritsi amenewa ngakhale pang'ono, chifukwa BP imatha kugwa mpaka munthu kufa. Ngati mumabanika kapena kumva kupweteka pachifuwa mukakwera chitunda, mtima uyambe wayezedwa. Ndipo chida chikalimba maola opitirira anayi osagwa, thamangirani kuchipatala usiku womwewo, chifukwa kuchedwa kumachiwononga mpaka kalekale.

Apa ndi pamene timabotolo ta pamsika timandidetsa nkhawa. Bungwe la FDA ku America lakhala likupeza sildenafil wobisidwa m'mankhwala ambiri olembedwa kuti ndi azitsamba. Wogula sadziwa mlingo umene akumwa, ndipo wodwala mtima sadziwa n'komwe kuti wamwa chinthu chimene dokotala akanamuletsa. Gulani kufamase yovomerezeka, muli ndi chikalata cha dokotala.

Mayi a kunyumba musawasiye mumdima. Mwamuna akayamba kugona chofulatira kapena kuchedwa dala kulowa m'nyumba, mkazi amaganiza kuti kwapezeka wina kunjaku kapena kuti sakukondedwanso. Ena amafika pokayikira kuti abambo alodzedwa, ndalama n'kuthera kwa asing'anga shuga akupitiriza kudya thupi. Sankhani nthawi ya masana, mitima ili m'malo, munene mosazungulira: "Mayi, thupi langa lasintha, koma mtima wanga pa inu sunasinthe. Tiyeni tipitire limodzi kuchipatala." Gwirizanani zotenga nthawi yaitali mukusisitana, ndipo yesani m'mawa, pamene thupi lapuma.

Mapiritsi akakanika, njira sizinathe. Pali kachipangizo kokoka magazi kogwiritsa ntchito ndi kamphete, pali jakisoni wobaya pachida, ndiponso opaleshoni yoika chothandizira mkati. Pemphani kalata yokutumizani kwa dokotala wa matenda a njira ya mkodzo pachipatala chachikulu, kuti akuuzeni njira imene ikupezeka komanso yoyenera thupi lanu.