Wogula Wosanenerera

Aliyense amene anakulira kwa Mfumu Yaikulu Nchilamwela ku Thyolo akuidziwa Land Rover yakale ija, imene mamanijala ankayendera m'minda ya tiyi nthawi ya dzinja misewu ili matope okhaokha. Kaya ndi ku Conforzi, ku Naming'omba, ku Nchima, kapena ku Satemwa kumene Maclean Kay anayamba ulimi mu 1923, zitunda za kumeneko zinkafuna galimoto yolimba msana. Zambiri mwa galimoto zimenezi zinatha kalekale. Zina anazigulitsa kwa ogula zitsulo, zina zili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Imodzi inagwa m'manja mwa bambo wina amene anagwira ntchito ya umakaniko pa esiteti ina mpaka kupuma. Inali Series III, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Anaigula ili pa njerwa, yopanda ndi tayala lomwe. Bodi ya galimoto zimenezi ndi ya aluminiyamu ndipo sichita dzimbiri, koma chasisi ndi chachitsulo, ndipo chinyontho cha chiperoni chinali chitachidya. Madalawo anawotcherera chasisi, anatsitsa injini n'kuiphwasula yonse, anasintha maring'i ndi mabering'i, anakonza giyabokosi ndi mabuleki, kenaka anaipaka penti yobiriwira. Masipeya ena ankakawasaka ku Limbe ndi ku Ndirande, ena ankachita kuitanitsa kwa mphwawo wa ku Joni. Ndalama zambiri zopumira pa ntchito zinathera momwemo. Tsiku limene inalira koyamba, ana a m'mudzimo anaithamangira mpaka kumsewu wa tala.

Kuigulitsa sanakufune, koma umphawi sufunsa. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya feteleza, malata ndi fizi inakwera pamodzi, ndipo mwana wawo wamkazi anali atasankhidwa kupita ku koleji. Anamvanso kuti chisiyireni fakitale ya ku Solihull ku England kupanga Defender yakale mu Januwale 2016, anthu okonda galimoto zamakedzana akuzifunafuna Land Rover zoterezi. Mdzukulu wawo anaijambula, n'kuika zithunzizo pa Facebook pamodzi ndi nambala ya foni ya agogo akewo. Mtengo analemba K15 miliyoni.

Woyamba kubwera anali mlimi wina wa ku Luchenza. Analowa kunsi kwa galimoto, anatuluka manja ali bii, n'kuyamba kuwerenga zolakwika: oyilo akudontha pa difu, chiwongolero n'cholemera, ndipo galimoto zimenezi zimamwa mafuta. Anati apereka K9 miliyoni. Madala anakwiya mpaka kulephera kumuperekeza. Wachiwiri anafika pa K10 miliyoni, nayenso atainyoza kokwanira.

Kenaka kunabwera foni ya munthu wa mawu ozizira. “Madala, galimoto imeneyo musapatse wina. Malemu bambo anga anali ndi yotereyi, ndinakulira m'menemo. Mtengowo ndauona, ndipo kunena zoona mwatchipitsa. Ntchito imene mwagwira apo amisiri a masiku ano sangaithe.” Asanathe n'kumwa tiyi, foni inalira: K200,000 yalowa, ya chikole. Madala anapita kwa ejenti pa boma n'kukaitapa. Inali ndalama yeniyeni, ma K5,000 okhaokha. Kuyambira pamenepo, aliyense woimba ankauzidwa kuti galimoto yagulidwa kale.

Wogulayo analonjeza kufika Lachisanu m'mawa, koma anafika 4 koloko itadutsa, ali ndi mnzake amene anati ndi dalaivala. Anapepesa kuti anachedwa ku msonkhano ku Blantyre. Anabwera ndi shuga ndi buledi wa amayi, anagwada popereka moni, ndipo anakhala pa mkeka osadikira mpando. Galimotoyo anaizungulira kamodzi kokha, akuisisita. Kunsi sanasuzumireko, nambala ya chasisi sanaifananize ndi ya mu blue book. Anangopempha foni ya madala kuti adzitumizire zithunzi zija pa WhatsApp ndi kukopera nambala ya akaunti. Anakhala nayo mphindi zochepa, n'kuibweza ndi manja awiri.

Posakhalitsa foni ija inalira. Pamwamba pa uthenga panali dzina la banki ya madala, ndipo m'munsi munalembedwa kuti mu akaunti mwalowa K14,800,000. Wogula anaonetsanso pa foni yake chithunzi cha umboni woti watumiza. Mdzukulu anayesa kufunsa ndalama zotsala mu akaunti, ndipo anapeza zomwe zija za dzana.

“Musadandaule, mphwanga,” anatero mlendoyo. “Ine banki yanga ndi ina. Zochokera banki ina zimaonekera Lolemba. Uthengawo si umenewo mwaulandira?”

Mayi a m'nyumbamo anawakokera amuna awo kukhitchini. “Abambo, bwanji galimotoyi igone pompano mpaka Lolemba? Ngati ndi yawo, aipeza.”

“Mayi, munthu watipatsa kale K200,000 asanaione n'komwe. Wakuba amapereka ndalama? Musandichititse manyazi pamaso pa alendo.”

Mlendoyo anaonjeza kuti mawa lake kuli ukwati wa mchemwali wake ku Mulanje, ndipo akufuna akwati adzakwere m'galimoto yonga ya malemu bambo awo. Zosintha umwini anati adzapanga sabata ya mawa, adzachita kudzawatenga madala pakhomo. Analemberana kapepala, mlendo anasainira dzina limene palibe analiona pa chiphaso chilichonse. Madala anapereka makiyi, anaperekanso blue book. Dzuwa likulowa, Land Rover inatuluka pa mpanda, iwo akubayibitsa.

Lolemba anavala jekete n'kupita ku banki. Wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, anayang'ananso uthenga uja, kenaka anadina pa dzina la wotumiza. Kunsi kwa dzina la banki kunali nambala wamba ya foni. Mphindi zija mlendo anabwereka foni, anasungamo nambala ya mnzake n'kuilemba dzina la banki, ndipo “dalaivala” uja ndiye anatumiza uthengawo ali chiimire pa bwalo pomwepo. Nambala zonse ziwiri zinali zitazimitsidwa. Ku polisi ya Thyolo analemba sitetimenti, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti nambalazo zinalembetsedwa ndi chiphaso cha gogo wina wa boma lakutali, amene sanaionepo Land Rover chibadwire. Patapita miyezi, bodi yobiriwira inapezeka itatayidwa pa thengo. Injini, giyabokosi, ma difu ndi matayala zinali zitapita.

M'mudzimo anthu anagamula msanga: anawathira mankhwala, pena munali mu shuga muja. Kunena choncho kumatonthoza wolira, koma kumasiya ena onse pa ngozi, chifukwa kumabisa njira imene mbala inadzera. Panalibe chitaka apa. Panali zinthu zinayi zooneka ndi maso, ndipo akathyali amazibwereza kulikonse.

Choyamba ndi matamando. Munthu amene wakonza galimoto ndi manja ake sagulitsa chitsulo chokha, amagulitsanso thukuta lake, ndipo amalakalaka wina alione. Wogula weniweni amanyoza katundu chifukwa ndalama ikumupweteka. Mlimi wa ku Luchenza uja, ndi mwano wake wonse, ndiye anabwera kudzagula. Amene sanenerera mtengo wa mamiliyoni, amene salowa kunsi kwa galimoto ya zaka zoposa 40, n'chifukwa choti sakukonzekera kulipira. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chachiwiri ndi chikole chija. K200,000 inali nyambo. Kwa mbala imeneyo ndi mpamba wa bizinesi: iwononga zochepa kuti igule chikhulupiriro chanu, ithamangitse ogula ena, ndipo inu muyambe kudziona ngati muli nayo ngongole. Chachitatu ndi nthawi. Lachisanu madzulo, tsiku loti mawa lake ndi holide, kapena ola lililonse limene banki ndi ofesi ya Road Traffic zatseka, ndi nthawi yosankhidwa dala, ndipo nthawi zonse pamakhala chifukwa chomvetsa chisoni chofulumirira: ukwati, maliro, wodwala, ndege ya m'mawa. Chachinayi ndi manyazi. Tinaleredwa kuti mlendo sakayikiridwa pamaso, ndipo wakuba amadziwa kuti bambo wolemekezeka angalole kutaya galimoto kusiyana ndi kuoneka wamwano.

Uthenga wa pa foni si ndalama. Chithunzi cha risiti si ndalama. Kapepala ka dipoziti kodindidwa bwino nakonso si ndalama, pakuti kompyuta ndi makina osindikizira zimapanga zonsezi. Ngakhale foni yanu isanagwiridwe ndi mlendo, alipo akamberembere odziwa kutumiza uthenga wooneka ngati wachokera ku banki, ku Airtel Money kapena ku TNM Mpamba. Kalembera wa manambala a foni wa mu 2018 anathandiza, koma mbava zimalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena, ndipo apolisi akhala akunena kuti mauthenga ena achinyengo amachokera m'kati mwa ndende ya Zomba. Malamulo alipo, monga gawo 319 la Penal Code lokhudza kupeza katundu mwachinyengo, komanso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016. Koma lamulo limalanga wakuba akagwidwa. Silibweza injini imene yagulitsidwa kale zidutswazidutswa.

Misampha ina imasiyana chovala chokha. Pali “mzungu” wa kunja amene amalemba kuti waikonda galimoto ndipo atumiza madola, koma inu muyambe mwalipira ejenti wake ndalama ya sitima ya pamadzi kapena ya msonkho. Wogulitsa salipira kuti alandire ndalama zake. Pali wina amene amati watumiza zopyola muyezo molakwitsa, mumubwezere zapamwambazo, pamene sanatumize kalikonse. Pali woyesa galimoto amene amakupemphani kuti mutsike mumvere kulira kwa injini muli panja, inu mukatsika iye n'kuponda moto. Palinso dobadoba amene amatenga blue book ndi chiphaso chanu kuti “akathamangitse mapepala”, mapepalawo osabwereranso.

Kudziteteza kwake sikufuna sukulu yapamwamba. Polengeza malonda musaonetse chithunzi cha blue book, chiphaso chanu kapena pakhomo panu. Kumanani masana, pakati pa sabata, pa malo a anthu ambiri monga pafupi ndi polisi pa boma, inu muli ndi anzanu awiri. Onani chiphaso cha unzika cha wogula, chenichenicho osati fotokope, ndipo yerekezani nkhope. Foni yanu isachoke m'manja mwanu, ndipo nambala yachinsinsi kapena nambala iliyonse imene yabwera pa uthenga musauze munthu. Poyesa galimoto mukhalemo, mnzanu akhale kumbuyo, msewu musankhe ndinu, ndipo potsika makiyi atsike nanu.

Pa ndalama, lowani m'banki limodzi ndi wogula. Ngati wabwera ndi kashi, awerenge ndi wa pa kauntala, makina aone ngati mulibe zachinyengo, ndipo zilowe mu akaunti yanu inu mukuona. Ngati watumiza kuchokera ku banki ina, dikirani mpaka banki yanu ikutsimikizireni pa kauntala kuti ndalamazo zafika ndipo mukhoza kuzitapa. Zikatenga masiku atatu, galimoto igone kwanu masiku atatu. Lembani mgwirizano wokhala ndi maina onse, manambala a ziphaso, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku ndi ola, ndipo mboni ziwiri zisainire. Mfumu ya m'mudzi ikakhala imodzi mwa mbonizo, n'kwabwino koposa.

Pomaliza pitani nonse ku Road Traffic ku Blantyre mukasinthe umwini. Mu dongosolo lawo la MalTIS anthu amazindikiridwa ndi zidindo za zala, n'chifukwa chake mbala imakana ulendo umenewu: ikudziwa kuti kumeneko isiya chala ndi nkhope. Kusinthaku kumakutetezaninso mtsogolo, pakuti galimoto ikakhalabe m'dzina lanu, ikagunda munthu kapena ikagwidwa ndi katundu woletsedwa pa chipata cha Muloza, apolisi adzayamba kugogoda pa khomo panu. Ndipo zikakuonekerani, musabise chifukwa cha manyazi. Kanenani ku polisi, ku banki ndi ku kampani ya foni tsiku lomwelo, galimoto isanaphwasulidwe.

Madala aja anataya galimoto ya K15 miliyoni pa mtengo wa K200,000, paketi ya shuga ndi buledi mmodzi. Mawu amene akanawapulumutsa ananenedwa m'khitchini mwawo momwe, koma anaopa kukhumudwitsa mlendo. Inu amene muli ndi Land Rover, Peugeot 504, Datsun kapena njinga yamoto imene mukufuna kugulitsa, gwirani izi: makiyi ndi blue book ziperekedwe pomaliza, banki itavomera ndipo umwini utasinthidwa. Wogula woona adikira mpaka Lolemba. Amene akukana kudikira, mulekeni apite wapansi.